Nkhope ya Kia Tasman: chifukwa chake pikapu imodzi ingayende malonda kwina, kwina osaloledwa n'komwe kupikisana

Pa 29 October 2024, pa chionetsero cha magalimoto mumzinda wa Jeddah ku Saudi Arabia, kampani ya Kia ya ku South Korea inavundukula pikapu yake yatsopano yotchedwa Tasman. Dzuwa lisanalowe zithunzi zake zinali zitafika paliponse pa intaneti, ndipo anthu sanataye nthawi n'kukambirana za injini kapena mtengo. Nkhani inali nkhope. Ena anayamikira kuti tsopano kwabwera pikapu yosafanana ndi inzake. Ena anati ikuoneka ngati amisiri anaweruka asanaimalize. Mkangano umenewu unabala mafunso awiri amene anthu akufunsabe. Kodi kampani yaikulu ngati Kia imasankha bwanji maonekedwe oti anthu ambiri chonchi awanyoze? Nanga n'chifukwa chiyani galimotoyi siikugulitsidwa ku United States, kumene pikapu ndiye mfumu ya msewu?

Tasman ndi galimoto yotani

Dzinali linachokera ku chilumba cha Tasmania ndi nyanja ya Tasman imene ili pakati pa Australia ndi New Zealand, ndipo dzina lokhalo likuulula msika umene Kia inauika patsogolo. Galimotoyi imapangidwira ku fakitale ya Hwaseong ku South Korea. Ili m'gulu la mapikapu apakatikati, onyamula katundu wolemera pafupifupi tani imodzi, gulu limene muli Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max ndi Mitsubishi Triton. M'litali ndi mamita 5.4, imakoka ngolo yolemera makilogalamu 3,500, ndipo Kia imati imawoloka madzi akuya mamilimita 800. Kutengera dziko, imabwera ndi injini ya dizilo ya malita 2.2 kapena ya petulo ya malita 2.5.

Pali mawu awiri oti tigwirizane msanga. Oyamba ndi chasisi, kutanthauza mafupa a galimoto. Pikapu yantchito imakhala ndi zitsulo ziwiri zazitali zoyala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zitsulo zopingasa. Mukaiona isanavekedwe thupi, imangokhala ngati makwerero ogonekedwa pansi. Injini, matayala ndi masipiring'i amamangirira pa makwerero amenewa, kenaka kanyumba kokhala anthu ndi bokosi la katundu zimakhazikidwa pamwamba. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri samangidwa choncho: thupi lawo lomwelo ndilo mafupa awo, monga chigoba cha dzira. Njira ya makwerero ndi yolemera, imadya mafuta, koma imapirira katundu ndi misewu ya mabampu, ndiponso imalola mwini wake kuchotsa bokosi la kumbuyo n'kuikapo thebulo lachitsulo kapena thanki. Tasman ndi ya makwerero.

Mawu achiwiri ndi double cab, pikapu ya zitseko zinayi ndi mizere iwiri ya mipando. Mtundu umenewu ndi umene unasintha malonda onse a mapikapu. Kale pikapu inkagulidwa ndi mlimi kapena womanga nyumba, amene ankangofunsa kuti inyamula matumba angati. Double cab itafala, galimoto yomweyo inayamba kupita kuntchito m'mawa, kukatenga ana kusukulu masana, n'kukokera bwato kunyanja Loweruka. Galimoto ikakhala ya banja, onse a m'nyumba amakhala ndi mawu pa kagulidwe kake, ndipo apa ndi pamene nkhope inayamba kukhala nkhani.

Nsidze za pamwamba pa matayala

Tiyeni tiizungulire galimotoyo pang'onopang'ono. Mapikapu ambiri a masiku ano ali ndi nkhope imene tinaizolowera: nyali ziwiri zazikulu ngati maso, ndi chisefa chachikulu pakati cholowetsera mpweya ku injini, ngati kamwa. Ubongo wa munthu umafunafuna nkhope pachilichonse, ndipo opanga magalimoto amadziwa zimenezi. Pa Tasman nyali ndi zing'onozing'ono, zoimirira, ndipo anazikankhira kumphepete kwenikweni, mpaka zikuoneka ngati zalowa m'mbali mwa galimoto. Pakati pamatsala mphuno yotakata, yathyathyathya. Munthu akayang'ana amayamba wasowa pamene pali maso, ndipo kusowa kumeneko ndi kumene ena amakumva ngati kusakongola.

Chimene chinautsa phokoso kwambiri ndi pulasitiki yakuda ya pamwamba pa matayala. Pa magalimoto ena, chotchinga matope chimenechi chimazungulira tayala ngati uta. Pa Tasman chili chopingasa, cha makona, chokhala pamwamba pa tayala ngati nsidze yochindikala. Pa galimoto yoyera kapena yotuwa nsidzezo zimaonekera patali. Pa yakuda zimabisala, n'chifukwa chake zithunzi ziwiri za galimoto imodzimodziyo zimatha kusiya anthu ndi maganizo osiyana. Mukayandikira mumapeza kuti nsidzeyo ili ndi ntchito. Yakutsogolo ndiyo imasunga nyali, ndipo kumbuyo mbali ina ili ndi chivundikiro cha pothirira mafuta pamene mbali inayo ili ndi kabokosi kosungiramo tinthu monga magolovesi ndi zingwe. Pulasitiki yosapentedwa imakhalanso yosavuta kusintha nthambi zikaikalakala m'tchire. Madandaulo atachuluka, Kia inayamba kupereka mwayi wopenta nsidzezo mtundu wofanana ndi thupi la galimoto.

Gulu la ojambula magalimoto a Kia limatsogoleredwa ndi Karim Habib, amene kale anagwirapo ntchito ku BMW ndi ku Infiniti. Ganizo la gulu lake n'losavuta kulimvetsa ngakhale kwa amene sakugwirizana nalo. Wobwera mochedwa pamsika akapanga galimoto yofanana ndi Ranger, wogula amangofunsa kuti bwanji osangogula Ranger yeniyeniyo? Ndiye kuli bwino kuoneka mwachilendo anthu n'kumakukumbukira. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Vuto ndi lakuti kalumo kakuthwa kamametanso molakwika.

Chodabwitsa n'chakuti m'kati mwa galimotoyi simunabuke mkangano. Olemba nkhani za magalimoto ambiri, ngakhale amene ananyoza kunja, anayamikira malo otakasuka a mpando wakumbuyo umene umapendekeka, mabokosi a pansi pa mpandowo, ndi sikirini yaitali ya kutsogolo kwa dalaivala. Mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu wayenda chobwerera pamenepa.

Wojambula sajambula yekha

Tikamaweruza nkhope ya galimoto timaganiza kuti munthu mmodzi anakhala pansi ndi pensulo n'kuchita zimene mtima wake unafuna. Zoona zake n'zakuti pensuloyo imagwiridwa ndi manja ambiri. Injini imene ikukoka matani atatu ndi theka pachitunda kukutentha imafuna mpweya wambiri woiziziritsa, choncho chisefa cha kutsogolo sichingachepe. Kuti galimoto ikwere mtunda wa miyala osagunditsa chibwano, bampala iyenera kukhala m'mwamba. Kuti isamwe mafuta ambiri pamsewu wa tala, mphepo iyenera kudutsa mosavuta, ndipo zimenezi zimafuna bampala yotsika. Zofuna ziwirizi zimakokana.

Ndiye pali munthu woyenda pansi. Mu 2023 bungwe la Insurance Institute for Highway Safety la ku United States linapeza kuti magalimoto amene boneti yake ndi yaitali kupitirira mainchesi 40, pafupifupi mita imodzi, akagunda munthu woyenda pansi ngozi yoti amwalire imakwera ndi pafupifupi 45 peresenti poyerekeza ndi magalimoto a boneti yotsika ndi yopendekeka. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: boneti yotsika imagunda miyendo munthu n'kugwera pamwamba pake, pamene yaitali imagunda chifuwa kapena mutu n'kumugwetsera kutsogolo kwa matayala. Ku Ulaya ndi ku Australia, mabungwe oyesa chitetezo cha magalimoto, Euro NCAP ndi ANCAP, amawerengera zimenezi popereka nyenyezi. Ku Australia nyenyezi zisanu za ANCAP si zokongoletsa chabe, pakuti makampani a migodi ndi maofesi a boma ambiri sagula galimoto yopanda nyenyezi zisanuzo. N'chifukwa chake Tasman ili ndi zibwano ziwiri kumeneko: mitundu yogulidwa ndi makampani ili ndi bampala yotsika imene inaithandiza kupeza nyenyezi zisanu, pamene mitundu yodula ya m'tchire, monga X-Pro, ili ndi bampala yokwera ndipo nyenyezizo siziikhudza.

Chitsanzo chofika pamapeto penipeni ndi Cybertruck ya Tesla, imene inaonetsedwa mu November 2019 n'kuyamba kuperekedwa kwa ogula mu November 2023. Thupi lake ndi la chitsulo chosachita dzimbiri, cholimba moti n'chovuta kuchipinda mozungulira, n'chifukwa chake galimoto yonse ndi makona okhaokha. Ku America imayenda momasuka. Ku Ulaya malamulo salola nsonga zakuthwa kunja kwa galimoto, ndipo mu January 2025 apolisi a ku Greater Manchester ku England analanda imodzi chifukwa sinali yololedwa pamisewu ya dzikolo.

Kodi nkhope yachilendo imagulitsa?

Mbiri ili ndi mayankho onse awiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pikapu ya Dodge Ram inali kutali kumbuyo kwa Ford ndi Chevrolet. Ya 1994 inabwera ndi nkhope yotengera mathiraki akuluakulu apamsewu: boneti yokwera pakati, mapiko otsika m'mbali. Anthu anagawanika, ena osafuna n'kuiona komwe, koma malonda anawirikiza kuposa kawiri m'chaka chimodzi, ndipo opikisana nawo anayamba kutengera. Kwa kampani imene ili ndi kagawo kochepa ka msika, kudedwa ndi ambiri sikupweteka ngati ochepa otsalawo akuikonda mpaka kutulutsa ndalama.

Mbali inayi kuli Mercedes-Benz X-Class, imene inatuluka mu 2017. Palibe amene ankati ndi yonyansa. Koma pansi pa nkhope ya Mercedes panali Nissan Navara, ogula anadziwa, ndipo sanaone chifukwa cholipirira ndalama zambiri chotero. Mu 2020 anasiya kuipanga. Nkhope yabwino sinaipulumutse.

Australia: bwalo lenileni la nkhondo

Anthu a ku Australia amatcha pikapu kuti ute, ndipo amaikonda mosabisa. Kuyambira 2016 mpaka 2022 galimoto yogulitsidwa kwambiri m'dzikomo, kuphatikiza mitundu yonse, inali Toyota Hilux. Mu 2023 ndi 2024 Ford Ranger inalanda mpandowo, ikugulitsa magalimoto oposa 60,000 chaka chilichonse. Kia inalowa mu 2025 ndi cholinga chogulitsa pafupifupi 20,000 pa chaka. Inakonzekera kwa nthawi yaitali: amisiri a ku Australia anathandiza kukonza masipiring'i kuti agwirizane ndi misewu ya kumeneko, ndipo kutsatsa kunayamba galimoto isanaoneke n'komwe, pogwiritsa ntchito akatswiri otchuka a masewera a m'dzikomo.

Zoithandiza zilipo. Kia ndi dzina lodziwika kale kumeneko, ili ndi malo ogulitsira ambiri, ndipo imapereka chitsimikizo cha zaka 7 chokonza galimoto ikawonongeka yokha. Kuchuluka kwa katundu ndi ngolo zimene Tasman imakoka kukufanana ndi za akuluakulu a msikawo. Zoipinga nazonso zilipo. Ranger ili ndi injini ya dizilo ya masilinda 6 kwa ofuna mphamvu zambiri, pamene Tasman ili ndi ya masilinda 4 yokha. Kumbali ya magalimoto otchipa kwadzaza mapikapu a ku China monga GWM Cannon, ndipo kumapeto kwa 2024 kunabwera BYD Shark 6, yoyendera petulo ndi batire yotchaja pamagetsi, imene inakopa anthu ambiri ngakhale inkakoka makilogalamu 2,500 okha. M'miyezi yoyamba, malonda a Tasman anali pansi pa cholinga cha kampaniyo, ndipo mitengo inayamba kutsitsidwa. Kuti gawo la nkhope pa zimenezi ndi lalikulu bwanji, ndi pamene anthu amasiyana: ena amati nkhope ndiyo yathamangitsa ogula, ena amati mtengo unayandikira kwambiri wa Ranger ndi Hilux kwa galimoto imene sinadziwikebe.

Pali lamulo linanso limene wogula saliona. Kuyambira 2025 dziko la Australia linayamba kuwerengera utsi wa magalimoto onse amene kampani yagulitsa pa chaka, n'kupeza avereji. Ikapitirira malire, kampani imalipira chindapusa. Pikapu iliyonse ya dizilo imakweza avereji ya Kia, ndipo magalimoto ake amagetsi monga EV5 ndi EV9 amaitsitsa. Choncho tsogolo la Tasman kumeneko likudaliranso magalimoto amene sakufanana nayo ngakhale pang'ono.

America ndi msonkho wa nkhuku

Apa nkhope ilibe mlandu uliwonse. Chotchinga ndi nkhuku.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, alimi a ku United States anayamba kutumiza nyama ya nkhuku yotchipa ku Ulaya. Mayiko a kumeneko, makamaka France ndi West Germany, anaika msonkho wokwera kuti ateteze alimi awo. Pobwezera, Pulezidenti Lyndon B. Johnson anaika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wina wochokera kunja, kuphatikizapo magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu, ndipo unayamba kugwira ntchito mu 1964. Amene ankalasidwa kwenikweni anali Volkswagen. Mkangano wa nkhukuwo unatha kalekale, koma msonkho wa pa mapikapu ulipobe mpaka lero, ndipo anthu amautchabe msonkho wa nkhuku.

Makampani ayesa nzeru zosiyanasiyana kuti auzembe, ndipo ina ndi yoseketsa ndithu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Subaru inkagulitsa kapikapu kotchedwa BRAT. M'bokosi la katundu, panja penipeni, anawotchereramo timipando tiwiri tapulasitiki toyang'ana kumbuyo, tokhala ndi zogwirira m'mbali. Wokhalapo ankaona msewu umene wadutsa kale, mphepo ndi mvula zikumumenya. Cholinga sichinali kunyamula anthu kwenikweni: ndi timipandoto, galimotoyo inkalembedwa kuti ndi yonyamula anthu, n'kulipira msonkho wa 2.5 peresenti yokha.

Njira yokhazikika ndi kupangira galimoto komweko kapena m'dziko limene lili pa mgwirizano wa malonda ndi America. Toyota imapangira Tundra ku San Antonio ku Texas ndipo Tacoma ku Mexico. Hyundai, imene ili m'banja limodzi ndi Kia, inasankha fakitale ya Montgomery ku Alabama popanga pikapu yake ya Santa Cruz. South Korea ili ndi mgwirizano wa malonda ndi United States, ndipo poyamba anagwirizana kuti msonkho wa mapikapu udzatha pofika 2021, koma atakambirananso mu 2018 anausunthira ku 2041. Tasman yochokera ku Hwaseong ikanafika padoko itakwera kale mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuwonjezera apo, msika waukulu wa kumeneko ndi wa zimphona monga Ford F-Series, imene yakhala pikapu yogulitsidwa kwambiri m'dzikomo kuyambira 1977, ndipo ogula ambiri amafuna petulo ndi thupi lofika pafupifupi mamita 6.

Misika ina mwachidule

Kwawo ku South Korea msika wa mapikapu ndi waung'ono. Anthu ambiri amakhala m'nyumba zosanjikizana zokhala ndi malo opanikiza oimikapo galimoto, ndipo kwa zaka zambiri msikawo unali m'manja mwa SsangYong, imene tsopano ndi KG Mobility. Kumeneko Tasman imagulidwa makamaka ndi okonda kukagona kutchire ndi kukawedza, ndipo kuoneka mwachilendo kungakhale mwayi. Msonkho wapachaka wa galimoto yolembedwa kuti ndi yonyamula katundu ndi wotsikanso kwambiri.

Ku Middle East, kumene anaivundukulira, petulo ndi wotchipa ndipo injini ya malita 2.5 ija ili pamalo pake. Koma m'chipululu mbiri ndiyo imalamula, ndipo Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, pamodzi ndi Land Cruiser, zili ndi mbiri ya zaka makumimakumi.

Ku South Africa, kumene pikapu amaitcha bakkie, vuto ndi lakuti opikisana nawo ndi eni mudzi. Hilux imapangidwira ku Prospecton mu Durban, Ranger ku Silverton mu Pretoria, D-Max ku Gqeberha. Galimoto yochokera ku Korea imalipira msonkho wolowera umene izi sizilipira. Ku Ulaya nako sikunali pa mndandanda wa misika yoyamba: mapikapu amagulidwa ochepa, malamulo a utsi ndi okhwima, ndipo ku United Kingdom kuyambira April 2025 double cab zambiri zinayamba kuwerengedwa ngati magalimoto wamba pa msonkho wa galimoto za kuntchito, zimene zinachotsa chifukwa chachikulu chimene anthu ankazigulira.

Masamu a wogula

Pali ogula awiri, ndipo amayang'ana galimoto mosiyana. Woyang'anira magalimoto a kampani ya mgodi amene akugula 200 nthawi imodzi sayang'ana nsidze. Amafunsa za nyenyezi za chitetezo, mafuta pa kilomita, kutalika kwa ulendo wokafika kwa makaniko wovomerezeka, ndi masiku amene galimoto ingakhale pa jeke podikira sipeya. Munthu wogula imodzi ndi ndalama zake amafunsanso zomwezo, koma amaganiziranso mmene idzaonekere pakhomo pake.

Pamene ogula awiriwa amakumana ndi pa mtengo wodzagulitsiranso galimotoyo ikatha zaka zitatu kapena zisanu. Apa nkhope imasanduka nambala. Ngati anthu ambiri akuopa kuti galimoto ya maonekedwe achilendo idzavuta kugulitsa, mabanki ndi makampani obwereketsa magalimoto amaiwerengera mtengo wotsika wa m'tsogolo, ndipo ndalama zolipira pamwezi zimakwera ngakhale kwa munthu amene nkhopeyo amaikonda. Hilux imadula pogula, koma eni ake amadziwa kuti tsiku logulitsa sadzasowa munthu. Tasman ilibe mbiri yotere, yabwino kapena yoipa, chifukwa zoyamba kugulidwa mu 2025 sizinafike pamsika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito mwaunyinji.

Kusintha nkhope n'kotheka, koma sikuchitika usiku umodzi. Zikombole zachitsulo zopindira boneti ndi zitseko zimadya ndalama zochuluka, choncho makampani amadikira zaka zitatu kapena zinayi asanakonzenso maonekedwe, ndipo nthawi zambiri amangosintha zapulasitiki: bampala, chisefa cha kutsogolo ndi nyali. Mwamwayi wa Kia, zambiri zimene anthu akukangana pa Tasman ndi zapulasitiki. Chasisi, injini ndi kanyumba ka anthu zingakhale momwemo, nsidze zokha n'kumetedwa. Pikapu ya mtundu uwu kawirikawiri imakhala pamsika zaka pafupifupi khumi isanalowedwe m'malo ndi yatsopano. Hilux imene Tasman inaipeza pamsika inatuluka mu 2015.